Mawanga a Pakhungu Si Chosekera Mnzathu

Anzanga, ndifuna kunena za mkhalidwe wina umene wafala m'nyumba zathu zogonamo, ndipo sundikondweretsa konse. Mnzathu akakhala ndi mawanga ofiirira kapena otuwa pakhosi, pamsana kapena kumaso, pomwepo timam'patsa dzina. Ena amati "Nyalugwe," ena "Nkhanga," ndipo alipo ena ouma mtima amene amanong'onezana kuti, "Uyu ngwakhate." Ndowa sabwerekana naye, pa bedi lake sakhalapo. Tsono mwini mawanga amayamba kusamba yekha kusanache, m'chisanu cha ku Mzuzu kuno, navala juzi ngakhale mu Okutobala kuti anthu asamuone. Ine nditi kuseka kotere ndi umbuli, ndipo kungathe kupundula munthu.

Tiyambe tadziwa kuti mawanga sali a mtundu umodzi. Amene achuluka pakati pathu ndi zikanga. Zimenezi zimadza ndi kanthu kakang'ono ka mtundu wa nkhungu, kosaoneka ndi maso, kamene kamakhala pakhungu la munthu ali yense, wosamba ndi wosasamba yemwe. Kutentha, thukuta ndi mafuta a m'thupi zikachuluka, kanthuka kamaswana. Nchifukwa chake zikanga zimakonda ife a msinkhu uno, makamaka tikakhala kotentha monga ku Nkhata Bay ndi ku Karonga. Ukakanda banga lake pamatuluka timamba tonga gaga. Mankhwala ake odzola alipo, koma khungu limachedwa kubwerera mwakale, mwina miyezi ingapo. Kodi pamenepa pali chotchulira mnzathu wauve? Adzing'ono athu kumudzi nawonso amatuwa m'masaya mu Juni ndi Julaye. Kawirikawiri kumeneko ndi kuuma chabe kwa khungu.

Mawanga ena munthu amabadwa nawo, kapena amaoneka akali khanda. Madokotala amawatcha café au lait, mawu a Chifalansa otanthauza khofi wothira mkaka, pakuti ndiwo maonekedwe ake pa khungu loyera. Ngosalala, sayabwa, sapatsirana. Limodzi kapena awiri alibe kanthu. Koma akafika 6 kapena kuposa, liri lonse loposa sentimita imodzi ndi theka kwa wamkulu, kapena theka la sentimita kwa mwana, angathe kukhala chizindikiro cha matenda a mitsempha otchedwa neurofibromatosis, amene dokotala wa ku Germany, von Recklinghausen, anawalongosola mu 1882. Amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 3,000. Munthu wotere afunika kuonedwa ndi dokotala nthawi ndi nthawi.

Tsono ndifike pa khate, dzina lija timaliponya ngati mwala. Nzoona, khate limayamba ndi banga lowala kuposa khungu lonse. Koma banga la khate liri ndi chizindikiro chake: limachita dzanzi. Siliyabwa, kawirikawiri silituluka thukuta, ndipo dokotala akalikhudza ndi kathonje wodwalayo atatsinzina, samva kanthu. Khate si temberero, si ufiti. Limadza ndi kachirombo kamene Armauer Hansen wa ku Norway anakapeza mu 1873. Anthu ochuluka matupi awo amakagonjetsa okha, ndipo sikagwira munthu chifukwa chopatsana moni kapena kukhala pa benchi limodzi.

Ife a chigawo cha Kumpoto tiyenera kudziwa izi koposa ena, pakuti ku Chilumba, m'boma la Karonga, bungwe la LEPRA linayamba kafukufuku wamkulu wa khate mu 1979, ndipo antchito ake anayenda nyumba ndi nyumba kupima khungu la anthu zikwi zambiri. Makolo ndi agogo a ena a ife anapimidwa masiku amenewo, ndipo sanachite manyazi. Pofika 1994 Malawi anatsitsa nthendayi kufikira odwala osakwana mmodzi mwa anthu 10,000. Koma kutsika si kutha. Odwala atsopano akupezekabe. Mankhwala ake ngaulere, amamwa miyezi 6 kapena 12, ndipo munthu akayamba kumwa amaleka kupatsira ena. Amene amapunduka zala ndi mapazi ndi amene anachedwa, kachirombo nkuononga mitsempha banga liri chibisire pansi pa malaya.

Apa ndi pamene pagona mlandu wathu. Inu amene mumaseka, mwina mwa anzanu onse amene mwawapatsa maina palibe ndi mmodzi yemwe wakhate. Koma ngati alipo mmodzi, ndinu amene mwam'phunzitsa kubisa. Ndipo pobisapo anthu amachita zoopsa: wina amapaka mankhwala otsukira mano, wina utomoni wa papaya mpaka kutupa, wina mafuta oyeretsa khungu ogula pamsika, amene ena mwa iwo amangowonjeza matenda a nkhungu. Akulu anati safunsa anadya phula.

Mwina wina adzati, "Ndi nthabwala chabe, pa sukulu yogonera aliyense ali ndi dzina." Inde, maina ngambiri, ena ngokoma. Koma dzina la "Professor" silim'letsa munthu kupita kuchipatala.

Kwa aphunzitsi athu olemekezeka ndiri ndi pempho. Mzuzu Central Hospital siiri kutali ndi ife. Tsiku lokumbukira khate pa dziko lonse limakhala Lamulungu lomaliza la Januwale, sukulu iri mkati. Bwanji sabata limenelo osaitana wachipatala mmodzi kudzatilankhula, napatsidwa chipinda chake, kuti ali yense wa banga akalionetse payekha, anyamata nthawi yawo, atsikana nthawi yawo? Akuluakulu oyang'anira nyumba zogonamo akhale oyamba kulowa, a Fomu 1 aone.