Cikanda Cisatithere Maluwa a pa Nyika

Munthu wa kwa Shikabeta, wozolowera cithukuta ca m'cigwa ca Lunsemfwa, angakane kuti m'Zambia muno muli malo kumene madzi aumirira usiku m'mwezi wa June. Malowo alipo. Ndi pa Nyika, m'malire a dziko lathu ndi Malawi, pamtunda wopitirira mamita 2,000 kucokera pa nyanja yamcere.

Pamwambapo mitengo ndi yowerengeka, yangounjikana m'makwawa monga nkhalango ya Chowo. Kwina konse ndi msipu wokhawokha, m'mene mudya mbidzi, nchefu ndi cilembwe. Gawo lalikulu ndi la Malawi. Lathu ndi kacigawo ka masikweya kilomita 80, kamene Boma linapatula mu 1972, ndipo cocititsa manyazi ndi cakuti wopita pa galimoto ayenera kuyamba walowa m'Malawi kuti akaone dziko lace lomwe.

Alendo acokera kutali, nalipira ndalama kuti ayende pansi masiku angapo, katundu ali kumsana, kugona m'mahema. Ena a ife tiwaseka kuti afunanji kopanda mudzi. Cimodzi cimene afuna ndi maluwa a dzinja. Pa Nyika pamera mitundu yoposa 200 ya maluwa a banja la cikanda.

Apa ndipo pagona nkhani. Cikanda cimene tigula pa msika wa Soweto mu Lusaka cicokera ku timizu ta maluwa omwewa. Kale cinali cakudya ca anzathu a kumpoto, cokumbidwa pang'ono m'madambo a pafupi ndi mudzi. Lero cidyedwa m'matauni onse, madambo ambiri atha, ndipo amalonda acitenga ku Tanzania, Congo, Angola ndi Malawi, osasiya ndi pa Nyika pomwe, ngakhale lamulo liletsa kukumba m'menemo. Duwa likazulidwa ndi muzu wace lisanagwetse njere, basi, pamalopo sipameranso. A ku Tanzania anaona zimenezi nasandutsa msipu wa Kitulo kukhala malo otetezedwa mu 2005, makamaka cifukwa ca maluwa.

Sitinena kuti cikanda cileke. Amai ambiri amasiye aphunzitsa naco ana, ndipo nafenso ticikonda. Koma wokumba adikire maluwa aume ndi kumwaza njere, asasese dambo lonse, ndiponso asaponde konse m'malo opatulidwa. Wogula matumba afunse kumene acokera.

Zambia ndi Malawi anasaina pangano losamalira pamodzi nyama ndi chire la m'malire mu 2015. Pangano lili pa pepala, koma makasu ali m'midzi. Cotero tipempha mafumu ndi anyakwawa, kuyambira a ku Chama kufikira a kuno ku Rufunsa, kuti akhale pansi ndi anthu ao mvula isanagwe, naike mwezi wokumba ndi madambo oyenera kupumula caka cino.