Mpeni wa Kuwala Ufuna Wodwala Wofika Msanga

Masiku ano kwamveka mbiri ya makina ochedwa laser, amene madotolo a maiko ena achotsa nawo khansa ya m'kamwa ikali yaing'ono. Ife tiyamikira nzeru imeneyi. Koma tifuna kuti awerengi athu a ku Chiradzulu adziwe bwino pamene pali mphamvu yake ndi pamene pali malire ake.

Laser woyamba anapangidwa ku America m'chaka cha 1960 ndi Theodore Maiman, ndipo mtundu umene ugwira nchito kwambiri m'kamwa, wa carbon dioxide, unatulukira mu 1964. Makinawa asonkhanitsa kuwala pamalo amodzi, ndipo kuwalako kudula mnofu monga mpeni, kutsekanso timitsempha ta mwazi nthawi yomweyo. Chotero mwazi sutayika wambiri, kutupa kuchepa, ndipo wodwala ayamba msanga kudya ndi kulankhula. Kanyama kochotsedwako katumizidwa kokapimidwa, kuti aone ngati nthenda yonse yatuluka.

Koma mpeni umenewu uthandiza pamene chironda chiri chaching'ono. Nthenda ikaloŵa m'fupa la chibwano kapena kufalikira m'khosi, pafunika opareshoni yaikulu, ndipo kaŵirikaŵiri radiotherapy pamwamba pake. Tsono funso loyamba si lakuti makina agulidwa liti, koma lakuti odwala afika liti.

Apa Chiradzulu ali ndi phunziro lake. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières, pogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linayamba kupereka ma ARV m'bomali, ndipo nchitoyo inakula pamene inatuluka pachipatala chachikulu ndi kufika kuzipatala zazing'ono monga Namitambo ndi Namadzi, m'manja mwa anamwino. Njira yomweyo iyenera m'kamwa. Kuyang'ana lilime, nkhama ndi masaya sikulira makina. Kulira nyali, maso ophunzitsidwa ndi mphindi zoŵerengeka.

Boma layala kale maziko. Sukulu ya madotolo a mano inayamba mu 2019 pa College of Medicine, ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022, ndipo mu 2023 Malawi analoŵa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya. Chotsala ndicho kuti wodwala wokayikitsa atumizidwe ku Gulupu, ku Blantyre, popanda kuchedwa, ndi kuti zotsatira za kupima zibwere msanga. Zimenezi zikakhazikika, laser adzapeza nchito yomuyenera; zikapanda kutero, adzakhala khasu lofika mvula itatha.

Ena adzati ndalama nzochepa ndipo nthenda zina nzambiri kuposa iyi. Nzoona. Koma kuchotsa kachironda lero nkotsika mtengo kuposa kusamala munthu wosatha kumeza chaka chamaŵa.

Inu aphunzitsi ndi anchito a Boma, anthu amamva mau anu. Auzeni kuti fodya, wosuta ndi woika m'kamwa yemwe, pamodzi ndi kachasu, ndizo zoyambitsa zazikulu za nthendayi. Auzeninso kuti chironda cha m'kamwa chosapola masabata 3, banga loyera kapena lofiira losachoka, ndi chotupa cha m'khosi, ziyenera kuonedwa kuchipatala ngakhale sizipweteka. Ndipo muyambe ndi pakamwa panu, pa kalirole, usiku uno.