Kapeti yosanyamulika isalowe kuchipinda cha ana

Amene anapondapo simenti mamawa wa mu Julayi ku Ulónguè kapena kumunsi kwa phiri la Dómuè sangamunene munthu wogula kapeti. Kuno ku Angónia kumazizira zenizeni. Ena amaigula pa kaunjika ku Lizulu, ena amatumiziridwa ndi ana awo a ku Joni, ndipo nyumba imaonekadi ya bambo. Koma langa ndi ili: kapeti imene anthu awiri sangaitulutse panja isayalidwe kogona ana.

M'ubweya wakewo mumakhala tizilombo ta miyendo 8, tosakwana theka la milimita. Sitiluma ngati nsikidzi, n'chifukwa chake palibe amatiganizira. Timadya tizikhungu tomwe timayoyoka m'thupi mwathu, ndipo madzi timayamwa mumpweya wachinyezi. Ndiye mvula ikagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo timaswana, kenako chiperoni chikafika ife timatseka mawindo onse, ito n'kumangokhala mwamtendere. Chodwalitsa kwenikweni ndi ndowe zake, zomwe zimasakanikirana ndi fumbi. Wamkulu amapuma mpweya wa m'mwamba, koma mwana wokwawa mphuno yake ili pomwepo.

Mwana wa mchemwali wanga ankayetsemula akangodzuka, maso ofiira, usiku m'chifuwa muli tswii. Agogo ake ankati, "Ndi mphepo ya kuno, amayi, mumfunditse." Tsiku limene tinasuntha bedi n'kukoka kapeti, kunsi kwake kunali fumbi lotuwa losalala ngati ufa woyera, chonsecho mayiyo amasesa m'mawa uliwonse. Tsache louma limangoulutsa fumbi, likatera limabwerera pomwepo.

Sindikuti mphumu yonse imachokera m'kapeti. Utsi wa mbaula nawo umapweteka, ndipo mwana wobanika apite kuchipatala msanga, asasiye mankhwala ake opopera. Koma kumulembera mankhwala n'kumubweza kukagona pafumbi lomwelo n'kumulakwira.

Makina okoka fumbi ali ndi ochepa, koma dzuwa la Seputembala ndi Okutobala tili nalo tonse. Yalani kapeti chafufumimba pasimenti yotentha kapena pathanthwe masana onse; kutentha ndi kuuma kumapha tizilomboto. Ndowe zimatsalabe, choncho ipachikeni pachingwe, muikunthe ndi ndodo mutamanga chitenje kumphuno, wodwalayo ali kutali. Mukaichapa, iume gwaa isanalowe. Kuchapa mu Januwale n'kuiyala ili yachinyontho n'kuwonjezera vuto. Mabulangete ndi nsalu zapabedi zimafuna madzi otentha kufika madigiri 60.

Amayi athu ankatulutsa mphasa m'mawa uliwonse n'kuitsamiritsa kukhoma padzuwa, chifukwa inali yopepuka. Kapeti yodzaza chipinda chonse, yopanikizidwa ndi bedi ndi kabati, imatha zaka osaona kunja. Mukapita ku Lizulu Loweruka, uzani wogulitsayo akudulireni zidutswa ziwiri kapena zitatu zoti ngakhale mwana wasukulu atha kuzinyamula yekha.