Diso lopanda lenzi silinathe ntchito

Pali mawu amene afala m'mizere ya kuchipatala ndi pa WhatsApp: akuti munthu akachotsedwa ng'ala koma dokotala osamuikira lenzi tsiku lomwelo, diso limenelo latha basi, ndipo akadzamuikira pambuyo pake lenziyo imaola kapena kugwera m'kati. Mawuwa ndi abodza, ndipo akusiya anthu mumdima pomwe thandizo lilipo.

Tiyambe ndi nkhani ya kuola. Lenzi yoyamba yopangidwa ndi anthu inaikidwa m'diso mu 1949 ndi Harold Ridley pa chipatala cha St Thomas' ku London. Iye anali ataona kuti oyendetsa ndege za nkhondo amene tizidutswa ta pulasitiki tinawalowa m'maso ankakhala nato diso osatikana. Kuchokera pamenepo, anthu mamiliyoni ambiri akhala ndi malenzi otere mpaka ukalamba. Pulasitiki ya malenzi amenewa siola.

Chimene chili choona n'chakuti lenzi imafuna pokhala. Mwachibadwa imakhala m'kathumba kopyapyala, ndipo pa opareshoni ya ng'ala dokotala amasiya kathumbako kuti aikemo yatsopano. Koma kathumba kamatha kung'ambika pa opareshoni, kuwonongeka diso likamenyedwa ndi mwala kapena ndodo, kapena kulekeka chifukwa cha matenda obadwa nawo monga Marfan. Dokotala wosamala akaona choncho amayamba waima, kuti diso lipole. Kuima kumeneko ndi kumene ena akukutcha mapeto.

Njira zomangira lenzi popanda kathumba zilipo zingapo. Jan Worst wa ku Netherlands anapanga lenzi yokhala ndi tizikhadabo togwira mbali yozungulira mwanadiso. Madokotala ena amaisokerera ku choyera cha diso ndi ulusi wosasungunuka. Amar Agarwal wa ku Chennai anayamba mu 2007 kulowetsa timiyendo ta lenzi m'choyeracho n'kumata ndi guluu wa kuchipatala. Shin Yamane wa ku Japan anafalitsa mu 2017 njira yotulutsa timiyendoto ndi singano n'kutenthetsa nsonga zake kuti zitupe, zisapulumuke, popanda ulusi.

Opareshoni imeneyi ndi yovuta kuposa ya ng'ala wamba. Ulusi umatha kuduka patapita zaka, lenzi imatha kupendekeka, ndipo mphamvu ya madzi a m'diso imatha kukwera. N'chifukwa chake wodwala ayenera kubwerera kukapimidwa pa masiku amene wauzidwa. Mavuto ambiri otere akaoneka msanga amakonzeka.

Tiganizirenso za munthu wongosiyidwa wopanda lenzi. Amadalira magalasi ochindikala kwambiri amene amakulitsa zinthu ndi kusokoneza mtunda, ndipo akathyoka, iye sathanso kulima, kuwerenga kapena kuyenda yekha.

Ngati muli ndi kholo kapena mbale amene anatuluka m'opareshoni wopanda lenzi, mupite naye kwa dokotala wa maso, kaya ku Nkhoma, ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth. Akamupime, ndipo mufunse mosaopa ngati diso lakelo lingalandire lenzi komanso kumene angakamuikire. Woyenera kugamula za diso ndi amene waliyang'ana m'kati.