Tisamale Magetsi m'Nyumba za Boma

Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko lathu linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunafika ngakhale ku Nkhotakota. Komabe mpaka lero, m'maofesi ena nyale ndi mafani zimachezera kuyaka anthu ataŵeruka.

Masiku ano kuli maswitchi ongokhudza ndi chala, monga tikhudzira galasi la foni. Thupi la munthu limasunga mphamvu pang'ono ya magetsi. Chala chikakhudza galasi, kachipangizo ka kuseri kwake kamazindikira kusinthako nkuyatsa nyale. Kamakhala kali mtulo, nkumadzuka kanthaŵi kochepa kukamvetsera, motero mphamvu imene kamadya njochepa zedi. Popeza maswitchiŵa ngomata, mchenga ndi chinyezi cha kunyanja, zimene zimaononga maswitchi akale, siziloŵamo. Akalumikizidwa ku koloko, nyale zimazima zokha nthaŵi yoŵerukira ikakwana.

Tikupempha akuluakulu oyang'anira nyumba za Boma kuti ayambe kuika maswitchiŵa m'maofesi ndi m'masukulu a m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Nkhotakota Boma mpaka ku Dwangwa. Magetsi opulumutsidwa mu ofesi yopanda munthu ndiwo adzaunikira mayi wochira kuchipatala usiku.