Matimati Akhale m'Bokosi, Osati pa Nazale ya Fodya

Ambiri a inu mukatha kuwokera fodya mumabzala matimati m'mabedi a nazale amene atsala, poti pamenepo nthaka nja chonde ndipo madzi ali pafupi. Ife tikuti chizolowezi chimenechi chithe. Matimati ndi fodya ndi mbewu za banja limodzi, pamodzi ndi mbatata ya kachewere ndi mabiringano, motero matenda ambiri a fodya amagwiranso matimati. Tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tija timatupitsa mizu timaswana kwambiri pa matimati. Mukawabzala pa nazale kapena m'munda wa fodya, mukuweta mdani amene adzafooketsa fodya wanu chaka chamawa, ndipo kumsika simudzam'dziwa amene wakudyerani ndalama.

Komabe ndiwo nzofunika pakhomo. Nchifukwa chake tikukulimbikitsani kulima matimati m'mabokosi pafupi ndi nyumba. Ena adzati nkutaya nthawi kuika dothi m'bokosi pamene dothi lili ponseponse. Yankho nlakuti dothi la m'bokosi mumalisankha nokha. Kwa inu okhala pa maesiteti, amene malo si anu, bokosi ndi dimba losafuna kupempha munda kwa wina.

Khomani bokosi la matabwa lakuya masentimita 30 kapena kuposerapo. Boolani pansi pake kuti madzi azituluka, ndipo mulikhazike pa njerwa kuti lisagunde pansi, chiswe sichichedwa. Dothi mukatenge pamene sipanalimidwepo fodya, musakanize ndi manyowa owola bwino ndi mchenga pang'ono. Ngati mukulikayikira, liyaleni ndi kutenthapo mapesi monga muchitira ndi mabedi a nazale. Mitengo ya fodya ndi zinyenyeswa za m'shedi musathire m'bokosi ngati manyowa, chifukwa zimasunga matenda aja ochititsa masamba mawangamawanga ndi kukwinyika. Matendawa amayendanso pa manja. Sambani ndi sopo mukachoka ku fodya kupita ku matimati, ndiponso pobwerera.

Bzalani motalikana masentimita 50, muimike ndodo pa mtengo uliwonse, ndipo muzichotsa mphukira. Ntchito imeneyi mlimi wa fodya saphunzitsidwa.

Vuto lenileni la bokosi ndi madzi. Dothi lake limauma msanga, makamaka mu Okutobala. Mukathirira lero kenaka nkudumpha masiku atatu, zipatso zimada ndi kuwola kunsi kwake, zina zimang'aluka. Thirirani tsiku ndi tsiku patsinde, osati pa masamba, ndipo phimbirani dothi ndi udzu wouma. Amene sangathe kutunga madzi okwanira ayambe ndi bokosi limodzi lokha.

Pogula mbewu funsani Tengeru 97, imene inatulutsidwa ku Tanzania mu 1997 ndipo imapirira tinyongolotsi ta m'mizu. Dothi lisinthidwe mukakolola, ndipo lakalelo musakalitaye kumunda wa fodya.