Wofuna Kuyankhulira Ana Ayambe Wawerenga

Mwezi uno tikambirane za ntchito imene ambiri sitiiganizira posankha ntchito: kufufuza za maphunziro ndi kuyankhulira ana amene sukulu yawataya.

M'chaka cha 1994 boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Tonse tinakondwa. Koma zipinda zinachepa, ana naphunzirira pansi pa mitengo, ndipo ambiri amene analowa Sitandade 1 sanafike Sitandade 8. Amene anaonetsa poyera kukula kwa vutoli ndi anthu amene anayenda m'sukulu, nawerenga mabuku oitanira maina, nafunsa makolo.

Tsono mnyamata kapena mtsikana wofuna ntchitoyi alimbikire masamu, Chingerezi ndi chiyankhulo cha kwawo, pakuti adzafunsa agogo m'mudzi ndi kulembera akuluakulu a boma. Ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba kuli maphunziro a uphunzitsi ndi a malamulo, komanso Centre for Educational Research and Training. Komabe asadikire digiri. Ayambire pa sukulu ya kwawo: atsikana angati analowa Sitandade 5, angati analemba mayeso a Sitandade 8, nanga otsalawo ali kuti? Wodandaula ali ndi maina ndi manambala m'manja, mfumu kapena mkulu wa maphunziro savutika kumumvera.

Malamulo alipo. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka aloledwa kubwerera ku sukulu, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Koma lamulo la papepala silikatenga mwana pakhomo. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto, amene poyamba anali mlembi pa koleji ku Zomba, anathetsa maukwati a ana mazanamazana nawabwezera anawo ku sukulu. Ntchito yotere ifuna munthu wotsata mwana mmodzimmodzi, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Makolo, tisabise: ntchitoyi silemeretsa msanga, ndipo nthawi zina imadanitsa. Koma mwana wathu akaifuna, tisamgwetse mphwayi. Timgulire kope ndi cholembera, timperekeze kwa aphunzitsi aakulu, ayambe kuwerenga.